Kodi gawo lakunja ntchito yake ndi kuteteza kokha?

Wophunzira wina wa Fomu 4 wa ku Area 25 wanditumizira imelo yofunsa kuti: "M'maphunziro a zamoyo, a ulimi ndi a jogalafe timamva za gawo lakunja la zinthu. Kodi konseku ntchito yake ndi imodzi, yoteteza zam'kati?"

Pa khungu la munthu mwalondola, chifukwa limatchinga tizilombo ndiponso limasunga madzi m'thupi. Koma musatengere khungu poganizira zina zonse.

Taonani mtengo. Kunsi kwa khungwa louma lija kuli timitsempha tonyamula chakudya chopangidwa m'masamba kupita nacho ku mizu, pamene madzi ochokera m'nthaka amakwera kudzera m'thunthu. N'chifukwa chake mtengo wa mombo umene wasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse, kaya pofuna luzi, mankhwala kapena mng'oma wa njuchi, umakhalabe wobiriwira kwa kanthawi, mwinanso miyezi, kenako n'kuuma mizu ikafa ndi njala. Zimandipweteka mtima kuti ambiri amaona ngati kusenda sikuononga monga kudula, chonsecho nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa mumzinda muno, ndi ya mitengo yomweyi.

Mu ubongo ndiye kuteteza kulibiretu, popeza imeneyo ndi ntchito ya chigaza. Gawo lakunja la ubongo ndi lopyapyala, mamilimita 2 mpaka 4 okha, ndipo ndi lamakwinya kuti likwane m'mutu, koma m'menemo ndi mmene munthu amaganizira, kulankhula ndi kuzindikira zimene maso aona. Impso nazonso zimayamba kusefa magazi m'gawo lake lakunja.

Dziko lapansi lili ndi nkhani yakeyake. Thanthwe lakunja limene timapondapoli ndi lochindikala makilomita 5 mpaka 10 pansi pa nyanja zamchere, ndipo kumtunda nthawi zambiri ndi makilomita 30 mpaka 50, pamene ulendo wokafika pakati penipeni pa dziko ndi wa makilomita oposa 6,300. Malire a thanthweli ndi gawo la pansi pake anawatulukira katswiri wa ku Croatia, Andrija Mohorovičić, mu 1909 pofufuza mafunde a chivomezi. Thanthweli silinapangike kuti liteteze kanthu. Linangozizira n'kuuma chifukwa lili kunja, ndipo ndi long'alukang'aluka. Nyanja ya Malawi ili mumng'alu wotere, umene ukukulabe pang'onopang'ono, ndipo zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zinachokera pamenepo.