Boti kaye, mkango pambuyo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Ndayifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Ine ndi bambo a kunyumba tasunga kandalama koti tipite ndi ana athu awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 11, kukaona nyama zakutchire. Sitikugwirizana kuti tipite ku Liwonde kapena ku South Luangwa ku Zambia. Bambo akuti tsiku limodzi ndi lokwana: tilowe m'mawa pa galimoto, tione mkango, madzulo tibwerere. Za boti akukaniratu, ati mvuu zimagubuduza maboti. Ine ndikufuna ana akasangalale koma mantha nanenso ndili nawo. Tipite kuti, nanga tipite liti?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi bambowo, chifukwa maganizo awo ndi omwe ndinali nawo ine pa ulendo wanga woyamba, ndipo anandipweteketsa. Ndinalowa pachipata cha Liwonde dzuwa litakwera kale, n'kumazungulira ndi galimoto mpaka masana, maso ali pansi pa mtengo uliwonse kufuna mkango. Ndinaona nswala, njiri zothamanga michira ili njo, ndi anyani. Kutentha kunali koopsa, fumbi lili thoo m'galimoto. Pofika 2 koloko ndinali nditakwiya ngati wina wandibera. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti nyama nazonso zimathawa dzuwa. Masana mkango umagona m'zitsamba, ndipo ukhoza kuudutsa pafupi kwambiri osauona.

M'mawa mwake ndinakwera boti pa Shire, monyinyirika, chifukwa ndinali nditalipira kale. Tisanayende n'komwe mtunda wautali, woyendetsa anazimitsa injini n'kuloza kutsogolo. Njovu zisanu ndi imodzi zinali kutsika m'bango. Yaikulu inayamba yaima m'mphepete, chitamba chili m'mwamba kununkhiza mphepo, kenaka inalowa. Madzi anafika m'mimba, anafika pamsana, mpaka chinatsala kuoneka ndi nsonga ya chitamba yokha, ikupuma ngati paipi. Kamwana kanali pakati pa zazikulu ziwiri, kakumira n'kumavuuka. Zitatulukira tsidya linalo zinali zakuda bii ndi madzi, n'kuyamba kudzithira fumbi. M'boti monse munali zii, kupatula nkhwazi yomwe inkalira pamwamba pa mtengo wa mgwalangwa. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti ku paki ya m'mbali mwa mtsinje, chachikulu ndi mtsinjewo. Nyama iliyonse imayenera kumwa, ndipo njovu imodzi yaikulu imatha kumwa malita oposa 100 pa tsiku. Mukakhala pamadzi, nyamazo ndi zimene zimakupezani.

Apa ndi pomwe mapaki awiri mwatchulawa amasiyanirana, ndipo anthu ambiri sazindikira. Shire amachokera m'nyanja ya Malawi, kudutsa m'nyanja ya Malombe, ndiye samaphwa. Ku Liwonde boti limayenda chaka chonse. Luangwa ndi mtsinje wodalira mvula. M'dzinja umasefukira, koma pofika Seputembala umatsala maiwe ndi mchenga, mvuu zitathithikana m'madzi ochepa otsalawo. Nthawi imeneyo kulibe zoyenda pa boti. Maboti kumeneko amayenda mtsinje ukadzaza, cha m'ma Januwale mpaka Epulo. Zomwe South Luangwa imatchuka nazo ndi zina: akambuku amene amaoneka kawirikawiri pa maulendo a usiku, akadyansonga a mtundu wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse kupatula m'chigwa cha Luangwa, komanso kuyenda wapansi m'tchire, komwe anayambitsa Norman Carr m'zaka za m'ma 1950. Koma malo ambiri salola mwana wosakwana zaka 12 kuyenda wapansi, ndiye ana anu onse awiri angatsale. Pakiyo ndi yaikulunso zedi, ma sikweya kilomita 9,050, pomwe Liwonde ndi pafupifupi 550. Kwa mwana wa zaka 7, paki yaing'ono ndi dalitso. Sakhala maola ambiri pampando akufunsa kuti tifika liti.

Ndiye yankho langa ndi Liwonde, ulendo uno. South Luangwa muisungire pamene wamng'onoyo wakula.

Bambo asataye mtima za mkango, uliko. Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, koma inafika poti opha nyama mozemba anaisakaza ndipo mikango inatheratu. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi, anachotsa misampha ya waya zikwizikwi, kenaka anayamba kubwezeretsa nyama. Akakwiyo, amene ambiri timangoti ma cheetah, anabwera mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zakuda 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu mu 2021. Njovu zinachulukana mpaka zina anachita kuzisamutsa: mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 za ku Liwonde ndi Majete zinapita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Koma kupezeka kwa mkango m'paki ndi nkhani ina, kuuona ndi nkhani inanso. Musawalonjeze anawo. Mwana amene walonjezedwa mkango amadutsa njati makumi asanu osaziyang'ana n'komwe.

Tsopano za mvuu, zomwe zikuwaopsa bambo. Mantha awo ali ndi maziko. Mvuu ndi nyama yaukali, yaimuna imalemera kuposa tani imodzi ndi theka, ndipo imalondera chigawo chake cha mtsinje. Asodzi a mabwato ang'onoang'ono amaidziwa bwino. Koma boti la alendo si bwato la msodzi. Ndi lalikulu, lili ndi injini, ndipo woyendetsa amakhala munthu amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, wodziwa kuti gulu ili limakhala pa khonde liti ndipo yaimuna yovuta ili pati. Muonetsetse momwe amachitira: salowa pakati pa mvuu ndi madzi akuya, chifukwa mvuu ikadzidzimuka imathawira kozama, ndipo chilichonse chili panjira yake chimaona zakuda. Mvuu kwenikweni sisambira, imayenda pansi pa mtsinje, ndipo imatha kukhala m'madzi mphindi zisanu osapuma. Mukaona yamira apa, ikhoza kuvuukira uko. Ikayasamula kukamwa konse, si tulo ayi, ikukuchenjezani.

Chomwe ine ndimaopa pa boti ndi dzanja la mwana. Madzi akamadutsa m'mbali, mwana aliyense amafuna kuwagwira. Shire ali ndi ng'ona zambiri, zina zotalika kuposa galimoto yanu. Muwauze anawo musanakwere, osati muli kale pamadzi: manja m'kati, matako pampando, jekete yoyandamitsa ija osavula. Mukafika pa boti n'kupeza kuti mulibe majekete a saizi ya ana, musakwere, ngakhale akunyengerereni bwanji. Izi mufunsiretu pobukitsa. Ng'ona zomwe mudzazione zitagona pamchenga kukamwa kuli yasa zikungodziziziritsa, koma musadzalole aliyense kuima m'mphepete mwenimweni mwa madzi kuti ajambulitse.

Za nthawi yopita. Ngati cholinga ndi kuona nyama zambiri, pitani pakati pa Juni ndi Okutobala. Udzu umakhala utauma, masamba atayoyoka, zithaphwi za m'tchire zitaphwa, ndiye chilichonse chimatsikira ku mtsinje. Okutobala ndiye pachimake, koma chigwa cha Shire mwezi umenewo chimawotcha moti ana angadwale nacho. Ndi ana ine ndingasankhe Julayi kapena Ogasiti, bola mutenge majuzi, chifukwa pa galimoto yosatseka 6 koloko m'mawa mphepo imalowa m'mafupa. Dzinja lili ndi kukoma kwake: tchire limabiriwira, nswala zimakhala ndi tiana, mbalame zochokera kutali zimafika, ndipo Liwonde ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400. Koma dothi la kumeneko ndi lamakande, misewu ina imatsekedwa, ndipo galimoto yaing'ono imatitimira.

Tsiku limodzi lija ndiye ndikukana. Nyama zimayenda m'bandakucha ndi madzulo dzuwa likapendeka. Munthu wobwera tsiku limodzi amafika nthawi yabwino ya m'mawa itadutsa, n'kunyamuka ya madzulo isanayambe. Amalipira kuti aone paki ili mtulo. Gonani masiku awiri. Ngati thumba silikulola malo apamwamba, alipo malo omanga matenti ndi ena odziphikira nokha, m'kati mwa paki ndi pafupi ndi chipata. Mukafika masana, kwerani boti la madzulo. M'mawa mwake mulawirire pa galimoto ndi gaidi, munthu woperekeza alendo m'paki, masana mupume, ana asambe m'damu losambiramo ngati lilipo, madzulo mutulukenso. Tsiku lonyamuka, boti lina m'mamawa ngati ndalama yatsala. Ndipo pa gaidiyo musaumire. Mukhoza kuyendetsa nokha galimoto yanu, n'zololedwa, koma iye amawerenga mapazi pamsewu, amamva nyani akakuwa mwa mtundu wina n'kudziwa kuti pafupi pali chilombo, komanso amauzana ndi anzake komwe mikango yaonekera m'mawa umenewo. Mwayi wa bambo wagona pamenepo.

Zonyamula sindichulutsa. Zipewa, madzi akumwa ambiri, mafuta othamangitsa udzudzu, tochi. Kumtsinje ndi kwa malungo, ndiye mugone m'masikito, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerako, thamangirani kukayezetsa. Zovala zakuda ndi zabuluu muzisiye, zimaitana kashembe, ntchentche ija yoluma ngati singano. Ngati mungabwereke magalasi oonera patali, bwerekani awiri. Amodzi pa ana awiri ndi ndewu. Ndipo muwapatse kakope ndi pensulo azilemba chilichonse chomwe aona, ngakhale ng'azi kapena kakowa. Mwana wa mchemwali wanga anabwerako ndi mayina 31, ndipo chomwe amakamba mpaka lero ndi chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati denga la nkhokwe, osati njovu.

Mukakumana ndi njovu pamsewu muli pa galimoto yanu, imani patali, musaimbe huta, musaitsekere njira, ndipo pasapezeke wotsika. Ikatambasula makutu n'kumapukusa mutu, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Yokhala ndi mwana muipatse mpata wowirikiza.

Chomaliza ndi cha usiku, ndipo ichi muwawerengere bambo. Malo ambiri ogona m'mbali mwa mtsinje alibe mpanda. Mvuu imatuluka m'madzi kukada kukadya udzu, mpaka makilogalamu 40 usiku umodzi, ndipo kapinga wa pamalo ogona amaikomera. Pamtunda imaopsanso kwambiri, chifukwa imathamanga kuposa munthu. N'chifukwa chake mlonda amakuperekezani ndi tochi mukatha kudya, ndipo akakuuzani kuti musatuluke nokha, mverani. Usiku wanga wachiwiri ndinadzidzimuka cha m'ma 1 koloko ndi phokoso ngati munthu akumweta udzu ndi chikwakwa chobuntha, pafupi penipeni ndi mutu wanga. Ndinasuzumira pa kawindo ka tenti. Mwezi unali ukuwala, ndipo chimsana chonyezimira chinali pamtunda woti ndikanatha kuchiponyera nsapato. Ndinagona chagada osaphethira mpaka inapita. Ana anu akakodze asanagone, ndipo zipi ya tenti ikhale mbali ya bedi lanu.