AED yotsekeredwa mu ofesi sidzutsa munthu

Achimwene, ndalama mukusonkhetsa zogulira AED ya pa bwalo la mpirazo, makina opatsa munthu shoko ya magetsi mtima wake ukaima mwadzidzidzi, musazitulutse kaye. Yambani mwamva mmene munthu amafera khamu lonse likumuyang'ana.

Mnyamata wagwa yekha, palibe wamugunda. Mphindi yoyamba imatha anthu akukuwa kuti akunamizira, akufuna kudya nthawi. Kenako thupi limagwedezeka pang'ono, wina n'kunena kuti ndi khunyu musamukhudze, wina wathamangira supuni yomuika m'kamwa. Amayi akumukupiza ndi chitenje, wina wamukhuthulira chigubu cha madzi, wina akumukhazika tsonga kuti amumwetse Fanta, ati shuga watsika. Chimene chimapusitsa onse n'chakuti munthuyo amakoka mpweya mwa apo ndi apo, mokoroma, kukamwa kuli yasa ngati nsomba yovuulidwa. Anthu amati "akupuma, patukani apitidwe mphepo." Kumeneko si kupuma ayi, mtima unaima kale. Ubongo wosalandira magazi umayamba kuwonongeka pakati pa mphindi 4 ndi 6, ndipo mphindi iliyonse yopanda womudinikiza pachifuwa mwayi wake umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100. Mapeto ake amamunyamula manja ndi miyendo, kumukweza pa kabaza wa njinga yamoto wina atamugwirizira kumbuyo. Kuchokera ku Chamama kapena ku Santhe kukafika pa boma, amene wafikayo ndi maliro.

Amayi a chitenje aja sindiwadzudzula, akuchita zimene akudziwa. Amene amandipsetsa mtima ndi awa oimirira ndi mafoni, kujambula munthu akutsirizika kuti ayambe ndi iwo kuponya pa WhatsApp, abale ake amvere pamenepo. Enanso ndi akuluakulu a makomiti amene amalandira zipangizo pa mwambo, kujambulitsa, kudya mpunga, kenako katundu uja n'kukamukhoma mu kabati. Tsiku la ngozi kiyi ali ndi mlembi, mlembi wapita ku Chinkhoma kukagulitsa fodya. Anthu oterewa sasowa tulo, koma amene wataya mwana ndiye.

Chofunika kuchita ndi ichi, ndipo sichilira tambala. Mugwedezeni paphewa, muitaneni mokweza. Sakuyankha, yang'anani chifuwa kwa masekondi osapitirira 10. Ngati sakupuma bwinobwino, kapena akungokoroma kuja, lozani munthu mmodzi ndi chala, musangokuwira gulu, mumutume aimbe ku chipatala ndi kupeza galimoto. Wina mumutume makina. Inu mugonekeni chagada pansi pouma gwa, osati pa matiresi, chifukwa matiresi amameza mphamvu yonse. Gwadani pambali pake, ikani tsinde la chikhatho pakati pa chifuwa, pa theka la m'munsi la fupa la pakati, dzanja lina pamwamba, zigongono zowongoka. Dinikizani chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo muzilola chifuwa kubwerera chokha musanadinikizenso, poti m'kubwereramo ndi mmene mtima umadzadzira magazi. Ambiri amalakwa pochita mwaulemu, kungosisita. Nthiti ikhoza kuthyoka, mudzamva kuti phwa, musaleke. Nthiti imapola. Ophunzitsidwa amadinikiza ka 30 n'kuuzira mpweya kawiri, koma ngati simunaphunzire kapena mukunyansidwa, dinikizani basi osalekeza. Muzisinthana mphindi 2 zilizonse, chifukwa ngakhale mlimi wa manja olimba amayamba kufooka osadziwa.

Mwana womira m'damu kapena mu Bua ndi wosiyana, iyeyo chimene wasowa ndi mpweya, ndiye yambani ndi kumuuzira kasanu. Woombedwa ndi mphenzi nyengo ya dzinja mukhudzeni, alibe magetsi m'thupi, ndipo oterewa amatha kudzuka akathandizidwa msanga.

Tsono makinawo. Akafika yatsani, amalankhula okha, koma m'Chingerezi, ndiye amene adzawagwiritse ntchito ayambe amva mawu ake tsiku la ngozi lisanafike. Vulani kapena dulani malaya, pukutani chifuwa chiume, n'chifukwa chake kuthira madzi kuja kumawononga zinthu. Ngati pali ubweya wambiri metani pomata pokhapo. Zomata zake, mapadi aja, ndi ziwiri: chimodzi kumanja kwa wodwalayo m'munsi mwa fupa la paphewa, china kumanzere m'munsi mwa m'khwapa, zithunzi zake zili pomwepo. Mwana wosakwana zaka 8 kapena makilogalamu 25 ali ndi mapadi akeake, akasowa matani a akuluwo limodzi pachifuwa lina kumsana. Makina akamayeza, aliyense achotse manja. Akalamula shoko, onetsetsani kuti palibe womukhudza, dinani batani, nthawi yomweyo bwererani pachifuwa. Akanena kuti shoko siikufunika musaganize kuti awonongeka, pali kaimidwe kena ka mtima kamene shoko siithandiza, inu pitirizani kudinikiza. Wodwala akakhala mayi, apa ndiye pamene zitenje zigwire ntchito: amayi azungulire atchinge, thandizo lisachedwe chifukwa cha manyazi. Akayamba kupuma mugonekeni chammbali, mapadi musamatule, ndiye muthamange naye ku chipatala.

Christian Eriksen, wosewera mpira wa timu ya Denmark, atagwa pa masewero a Denmark ndi Finland ku Copenhagen mu June 2021, anamudinikiza pachifuwa pabwalo pomwepo, kumupatsa shoko pomwepo, mpaka anadzabwereranso kusewera mpira. Shoko ikaperekedwa m'mphindi 3 mpaka 5, opulumuka amatha kufika 50 mpaka 70 pa 100. Tanthauzo lake AED imodzi yokhala pa boma ilibe phindu kwa munthu wa ku Nkhamenya kapena ku Mtunthama. Imathandiza okhawo amene wothamanga angawafikire nayo m'mphindi zochepazo.

Musanagule funsani wogulitsa kumene muzikapeza mapadi ndi batire. Makina enieniwo amadutsa madola 1,000, koma chimene chimapha ntchito ndi zotsatirazi. Mapadi amagwira kamodzi kokha, ndipo ngakhale osatsegula amatha mphamvu pakapita zaka ziwiri kapena kupitirirako pang'ono, chifukwa zomatira zake zimauma. Kutentha kwa October mu bokosi la chitsulo pansi pa malata kumafulumizitsa zimenezi. Batire la ambiri silichajidwa, limakhala zaka zinayi kapena zisanu n'kugula lina. Pakhale munthu mmodzi, wodziwika dzina, woyang'ana kanyali kosonyeza kuti makinawo ali bwino sabata iliyonse ndi kulemba m'kope. M'chikwama mwake muikemo sizasi, lezala, kathaulo ndi magolovesi.

Ine ndikanati ndalama zoyambazo muitanire a Red Cross adzaphunzitse anthu ndi chidole chophunzirira, osati a komiti, koma okhala pamalopo tsiku lonse: a kabaza, oimbira mpira, makochi, aphunzitsi, ogulitsa mumsika, akulu a mpingo. Muzibwereza chaka chilichonse poti manja amaiwala. Amfumu ndi a community policing akhalepo, anene poyera kuti wothandiza sadzaimbidwa mlandu munthu akamwalira, pakuti ambiri amaima patali poopa kukakhala mboni ku polisi kapena kunenedwa kuti ndi amene amutsiriza.

Komabe makinawo gulani, musamve ngati ndakuletsani, manja okha kawirikawiri amangosunga munthu podikira shoko. Ndipo ndanyoza loko, koma mukawasiya poyera pa trading centre sagona masiku awiri, wina adzawayesa wailesi. Asungitseni pa golosale kapena pa filling station imene imatseka mochedwa, makiyi akhale atatu kwa anthu atatu okhala pafupi, manambala awo alembedwe ndi penti pakhoma, ndipo tsiku la mpira chikwamacho chizikhala pa benchi pambali pa bwalo kuyambira wezulo yoyamba.