Musasindikize mabuku 1,000 musanadziwe owagula

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina kuno ku Kasungu. Usiku ndimajambula nthano za zithunzi pa kompyuta, ndipo ndamaliza buku la ana la m'Chichewa. Wosindikiza wina ku Lilongwe akuti ndikapanga mabuku 1,000 mtengo wa limodzi utsika kwambiri. Ndikufuna kutenga ngongole yodula pa malipiro, mwinanso chaka chamawa ndisiye ntchito. Mayi a kunyumba akuti ndalamazo ndi za feteleza, ndiponso kuti kompyutayo yawalanda mwamuna. Nditani?

Yankho: Aphunzitsi, wosindikizayo sanakunamizeni. Makina akuluakulu osindikizira a offset amafuna mapuleti achitsulo odindira inki pa pepala, ndipo tsamba la mitundumitundu limadya mapuleti anayi. Mtengo wa mapuletiwo ndi womwewo kaya mabuku ndi 100 kaya 1,000, n'chifukwa chake mabuku akachuluka limodzi limatchipa. Koma iye zake amalandira tsiku lomwe mwanyamula makatoni. Inu mukafika nawo ku Kasungu muwalowetsa kunsi kwa bedi, chinyezi cha dzinja n'kuyamba kupinda zikuto, chiswe n'kupeza pogwira, uku ngongole ikudulidwa mwezi ndi mwezi osafunsa ngati mwagulitsa.

Yambani ndi ogula. Sindikizani buku limodzi kapena awiri pa makina a digital, omwe safuna mapuleti, omangidwa bwino, muyende nawo. Pitani kwa eni sukulu zamkaka ndi sukulu za pulayimale zomwe si zaboma pa boma, ku Mtunthama, ku Santhe, ku Nkhamenya. Mpatseni mwana wa Sitandade 3 bukulo, inu mukhale chete muone ngati afika tsamba lomaliza. Amene wanena kuti "ndi labwino, mudzatiuze likatuluka" musamuwerengere. Lembani yekhayo amene wapereka theka la mtengo pa Airtel Money kapena Mpamba. Akafika 60, sindikizani 80. Limodzi lidula, inde, koma ndalama yake ndi ya ogula, si ya feteleza.

Nyengo nayo muiyang'ane. Ku Kasungu ndalama imayenda msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, ndi pamene anthu akugulitsa soya ndi mtedza. Masukulu amagula zinthu chaka cha maphunziro chikamayamba mu Seputembala. Kutulutsa buku mu Januwale, anthu akusaka ufa ndi fizi, n'kudzipweteka nokha.

Poika mtengo ambiri amangowerengera wosindikiza. Onjezani thiransipoti ya ku Lilongwe, gawo la mwini shopu amene akugulitsireni, ndi mabuku opereka ulere, chifukwa ahedi, abusa ndi alamu anu adzafuna lawo. Mapepala ndi inki zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zosindikiza sinadikire munthu. Choncho mtengo wanu uzikwanira kusindikizanso buku lomwelo mawa, osati kungobweza zomwe munalipira dzulo. Ndipo musapatse shopu mabuku ambiri pa ngongole. Siyani asanu, mulembetsane, akatha alipire ndiye mubweretse ena.

Za mapepala ndi zachidule. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti mukasiyeko buku lanu likatuluka. Za umwini wa ntchito yanu kaonaneni ndi COSOMA, bungwe loteteza ntchito za alembi ndi aluso. Ngati mukulota kuti bukulo lidzalowe m'sukulu zaboma, njira yake imadzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo imeneyo si ya mwezi umodzi. Chimodzi ndikuchenjezeni: PDF yonse musatumizire munthu pa WhatsApp, ngakhale walipira. Ikafika pa gulu limodzi la aphunzitsi, pofika madzulo ili ku Nsanje. Tumizani masamba anayi okopa, ena onse agule.

Ntchito musasiye. Buku limodzi la ana silingalipire lendi, ndipo uphunzitsiwo ndi umene ukukutsegulirani zitseko za masukulu. Komanso luso lanulo lili ndi msika wapafupi womwe simunautchule: makadi a ukwati, zikwangwani za mashopu, mapulogalamu a zochitika za kutchalitchi, zizindikiro za mabizinesi ang'onoang'ono. Ntchito zoterezi sizisangalatsa munthu wokonda nthano, ndikudziwa, koma zimalipira sabata yomweyo. Zimenezo ndiye zikhale mpamba wa buku. Za kusiya ntchito tidzakambe pamene zojambula zakhala zikubweretsa ndalama yofanana ndi malipiro anu kwa chaka chathunthu, miyezi ya njala yomwe.

Tsono za mayi. Pa feteleza akunena zoona, ndipo ngongole yodula pa malipiro imakhudza mphika wawo, ndiye sangakhale chete. Tsegulani nambala ina ya foni yolandirira ndalama za buku zokha, mugule kope, mayi ndiwo azilisunga. Aziona kuti lero alipira atatu, thiransipoti yadya mwakuti, zatsala mwakuti. Amayi ambiri a banki mkhonde amatha kusunga kaundula kuposa ife amuna ovala tayi, ndipo kumeneko kuli makolo ena ogula bukulo.

Dandaulo la kompyuta lija si la ndalama. Gwirizanani masiku ojambula, mwina atatu pa sabata, ndipo nthawi ya nsima laputopu izikhala yotseka. Magetsi akabwera pakati pa usiku n'kukuyesani kuti mudzuke, kumbukirani kuti mawa muli ndi Fomu 2 m'mawa. Mafayilo a bukulo muwasunge pawiri, pa fulashi ndi pa Google Drive, makamaka ngati ana amaonera makatuni pa laputopu yomweyo.