Kwa aphunzitsi amene akufunsa zokathandiza asayansi kudambo

Aphunzitsi, mwafunsa ngati munthu wongophunzitsa sayansi kusukulu, wopanda digiri ya zachilengedwe, angakhale waphindu pagulu la ofufuza za madambo nthawi ya holide, kapena akangokhala wowanyamulira zikwama. Ine ndinapitako, ndiye ndikuti pitani. Zikwamazo mukanyamuladi, ndisakubiseni.

Nzeru anthu amenewa ali nazo kale. Chimene amasowa ndi munthu woti achite chinthu chimodzimodzi kambirimbiri osatopa, n'kulemba zimene waonadi. Tsiku loyamba anandipatsa chingwe choyezera ndi kafelemu ka mita imodzi mbali zonse zinayi. Timatambasula chingwecho kuchokera pouma mpaka kulowa m'madzi, n'kumaika kafelemuko pamalo otalikirana mofanana, ndiye n'kulemba zomera zonse zili mkatimo. Apa ndi pamene ndinaona kuti dambo lili ndi dongosolo lake: udzu kumtunda, bango ndi mlulu ponyowa, akakombo poti madzi azama. Wina ankaboola nthaka n'kutulutsa dothi lotuwa la mawanga ngati dzimbiri. Dothi lotero limasonyeza kuti pamalopo madzi amakhalitsa, ngakhale mutafikapo pouma. Fungo la dzira lowola lija musalidabwe, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matope opanda okosijeni.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi kamakina koyezera okosijeni m'madzi. Ndinayeza m'mamawa, nambala inali yotsika. Nditabwerera pamalo omwewo masana ndinapeza yakwera, ine n'kukauza mtsogoleri wathu kuti makina awonongeka. Anangondifunsa kuti ana anu mumawaphunzitsa kuti zomera zimatulutsa okosijeni nthawi yanji. Manyazi ake! Usiku wonse zamoyo za m'madzimo zimapuma okosijeni popanda chomubwezera, dzuwa likatuluka ndere ndi zomera zina zimayambanso ntchito. Zaka zonsezo ndinkalemba zimenezi pabolodi, koma ndinalephera kuzizindikira zili pamaso panga. N'chifukwa chake amaumirira kuti nambala iliyonse ikhale ndi nthawi ndi malo ake. Ndipo ngati simunapeze kanthu, lembani 0, musasiye mpata. Mpata umatanthauza kuti simunayang'ane.

Mukakonda kusefa tizilombo ta m'madzi. Ana a tombolombo ndi alenje oopsa ndithu. Palinso timphutsi tofiira tokhala ndi chinthu chofanana ndi chomwe chimafiiritsa magazi athu, ndiye timatha kukhala m'madzi osowa okosijeni. Mukapeza timeneti tokhatokha mumadziwa kuti madziwo ali pavuto. Koma zolemba zonse zikhale za pensulo. Ine ndinalemba ndi bolopeni timapepala toika m'mabotolo a sipiriti osungiramo tizilomboto, inki yonse n'kusungunuka, mabotolo atatu sanadziwikenso kuti achokera pati. Palibe anandikalipira, koma ntchito ya m'mawa wonse inapita.

Mungafunse kuti khama lonseli pamatope n'lachiyani. Dambo limasunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, limasefa zonyansa, komanso zomera zofera m'madzi siziwola msanga, choncho kaboni amatsekeredwa pansi. Madambo amene zomera zotere zaunjikana mpaka kusanduka dothi lakuda lotchedwa peat amangotenga pafupifupi magawo 3 pa 100 a mtunda wa dziko lonse, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa mitengo ya m'nkhalango zonse. Dambo lalikulu lotere la ku Cuvette Centrale, m'chigwa cha mtsinje wa Congo, kukula kwake kunalengezedwa mu 2017, anthu atayenda m'matope akuboola pansi ndi manja. Pangano la mayiko loteteza madambo linasainidwa ku Ramsar, ku Iran, pa 2 February 1971, ndipo tsikuli limakumbukiridwa chaka chilichonse. Kalembera wa mbalame za m'madzi amene wakhala akuchitika Januwale aliyense kuyambira 1967 amadalira kwambiri anthu odzipereka ngati inuyo.

Za chitetezo musachite nazo masewera. Musalowe m'madzi nokha, yesani pansi ndi ndodo musanaponde, ndipo funsani ngati m'deralo muli likodzo, ng'ona kapena mvuu. Misundu imangonyansa, udzudzu ndiwo muuwope. Jombo muzitsuka musanapite kudambo lina, chifukwa matenda a achule ndi mbewu za zomera zowononga zimayenda ndi matope.

Musananyamuke, apempheni akuloleni kugwiritsa ntchito m'kalasi ena mwa manambala amene mukatole, popeza si zonse amagawa asanazisindikize. Ine ndinabwera ndi manambala a okosijeni aja, m'mawa ndi masana, n'kuwapatsa ana osawauza chilichonse. Ambiri anayankha kuti makina anali owonongeka.