Kamera iyembekeze, yambani ndi mawu

Mphunzitsi wina wa masamu wandilembera imelo. Akufuna kuyamba kujambula mavidiyo oti ophunzira ake aziwonera pa intaneti, ndiye akufunsa kamera yoti agule, komanso ngati angajambule phunziro lonse la mphindi 40 monga amaphunzitsira m'kalasi.

Aphunzitsi, foni yomwe muli nayoyo ikukwanira. Ngati pali kandalama, gulani kamaikolofoni kopanira pa kolala. Mwana amapirira chithunzi chosawoneka bwino, koma mawu akamamveka ngati mukulankhulira m'chitsime, amangotseka n'kupita kwina. Jambulirani m'chipinda chokhala ndi makatani kapena mabuku, poti makoma opanda kanthu amabweza mawu.

Za mphindi 40 zija, ayi ndithu. Mu 2014, wofufuza Philip Guo ndi anzake awiri anaunika mmene ophunzira a pa edX, webusaiti ya maphunziro a pa intaneti, ankawonera mavidiyo, maulendo okwana 6.9 miliyoni. Anapeza kuti kaya vidiyo italike bwanji, ambiri sankaiwonera kupitirira mphindi 6. Choncho vidiyo imodzi inyamule mfundo imodzi basi. Anapezanso kuti anthu ankakhalitsa pa mavidiyo owonetsa mphunzitsi akulemba kusiyana ndi a masilaidi okonzeratu. Ndi njira ya Salman Khan, yemwe anayamba kuika masamu pa YouTube mu 2006: nkhope siiwoneka, mumangomva mawu uku manambala akutuluka pa bolodi lakuda.

Inunso mungatero popanda pulogalamu iliyonse yolembera pa kompyuta. Sanjani mabuku patebulo, gonekani foni pamwamba kamera itasuzumira pansi, pepala loyera lili pansi pake, kuwala kwa pazenera kukuchokera mbali yomwe dzanja silipanga chithunzithunzi. Lembani 2x + 3 = 11 ndi cholembera chonenepa, zilembo zazikulu, chifukwa ambiri adzawonera pa kafoni. Pochotsa 3 mbali zonse ziwiri, nenani chifukwa chake uku dzanja likuyenda. Apa ndi pomwe ana amasokonekera, ndiye musathamangepo, ngakhale inu mukuwona ngati n'zachibwana. Kenako lembani funso lina lofanana nalo, muwauze aimitse vidiyo ayese okha, yankho libwere pambuyo.

Lilime likaterereka musayambirenso. Ombani m'manja kamodzi, bwerezani chiganizocho. Podula vidiyoyo mudzapapeza msanga, poti mzere wosonyeza kukula kwa mawu mu pulogalamu yodulira umatumphuka pamenepo. Nyimbo zapansipansi zisiyeni, zimangolimbana ndi mawu anu. Potumiza vidiyo pa intaneti sankhani mlingo wa chithunzi wa 720p: zolemba zimawerengeka bwinobwino ndipo mwana samalizira data pa vidiyo imodzi.