Nati, mabawuti ndi makilampu a mapaipi a power steering: kuzindikira zomwe fakitale inaika

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa galaja ina ku Johannesburg, ndipo tikukonza Chevrolet Impala ya 1967 yoyendetsera kumanja kuti ibwerere mmene inatulukira ku fakitale. Tinaitanitsa ku America paipi yatsopano ya pulesha ya power steering (makina a oyilo opepukitsa chiwongolero). Nati yake ikangozungulira kawiri kapena katatu kumbuyo kwa pampu ikumalimba, koma paipi ili gwedegwede. Ku bokosi la chiwongolero nako siikufika bwino. Tiikakamize ndi sipanala yaitali?

YANKHO: Ayi achimwene, sipanalayo ikani pansi. Nati ikalimba msanga chonchi, mazinga ake si a dzenje limenelo.

Mapampu ndi mabokosi a Saginaw, omwe General Motors inkaika pa Chevrolet, ali m'magulu awiri. Chisanafike chaka cha 1980 ankakhala ndi mazinga a mainchi ndi mlomo wotchedwa inverted flare. Kumbuyo kwa pampu kunali 5/8-18 (kukula kwa 5/8 ya inchi, mazinga 18 pa inchi), pa bokosi polowera pulesha panali 11/16-18, pobwerera oyilo 5/8-18. Kuyambira cha m'ma 1980 anasinthira ku mamilimita ndi kamphira ka O-ring: M16x1.5 pa pampu, M18x1.5 ndi M16x1.5 pa bokosi. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti 5/8 ya inchi ndi mamilimita 15.9, ndipo mazinga 18 pa inchi amatalikirana ndi mamilimita 1.41, pomwe a M16 amatalikirana ndi 1.5. Kusiyanako n'kochepa moti nati imayamba kulowa bwinobwino, kenaka n'kugwira. Mukaikakamiza mudya mazinga. Paipi yanu mwina ndi yolondola ya 1967, koma pampu inasinthidwapo n'kuikidwa ya zaka zam'tsogolo.

Walitsani tochi m'dzenjelo. Mukaona kachulu kosongoka pakati, koboola pamwamba, ndi inverted flare, ndipo paipi yake iyenera kukhala yokanula kumapeto ngati kukamwa kwa lipenga. Mukaona dzenje losalala lokhala ndi kasitepe kokhalapo mphira, ndi la O-ring. Yezaninso ndi geji ya mazinga; musadalire maso. Pampu ikakhala ya O-ring simufunika kuitaya. Kachitsulo komwe paipi imalowamo kamamasuka ndi sipanala ya inchi imodzi, ndipo mutha kuikapo ka mtundu wakale kochokera pa pampu ina ya Saginaw. Kuseri kwake kuli valavu ndi sipuling'i zimene zimatuluka zokha mukangokachotsa. Zigwireni, zisagwere pamchenga, ndipo zibwerere momwe zinalili.

Pa bokosi, kachulu kaja ndi kamkuwa wachikasu kochita kukhomeredwa m'dzenje. Kakakhala ndi mzere wozama wosiyidwa ndi paipi yakale, yatsopano idzadontha ngakhale mumange bwanji, choncho kasintheni. Tepi yoyera ya mapulambala ilibe ntchito pano: oyilo amatsekedwa ndi mlomo wa paipi pa kachulu, osati ndi mazinga, ndipo tizidutswa ta tepiyo timakatseka valavu. Samalaninso ndi zolumikizira za JIC zodzaza m'mashopu a mapaipi a mathirakitala. Mlomo wake ndi wa madigiri 37, wanu ndi wa 45. Sizigwirizana.

Zoti siikufika ku bokosi n'chifukwa chakuti mapaipi a m'makatalogi a ku America anapindidwira galimoto zoyendetsera kumanzere. Yanu ili ndi bokosi mbali inayo. Apa paipi yakale ndiye chuma chanu. Zitsulo zake za kumapeto ndi manati ake ndi zenizeni, ndipo akatswiri a mapaipi atha kufinyirapo mphira yatsopano. Musanadule, jambulani chithunzi, yezani utali, ndipo lembani mzere wa penti kuchokera kuchitsulo china kufika ku chinzake kuti adziwe momwe zinapenyerana. Akafinya chimodzi chitatembenuka pang'ono, paipi idzakhala yopotoka ndipo idzakhula pa felemu. Mphira ikhale ya muyeso wa SAE J188, yopangidwira power steering, yomwe imafufuma pang'ono n'kumeza kugunda kwa pampu. Paipi ya waya ya makina olemera ndi yolimba ndithu, koma imafikitsa kulira kwa pampu mpaka m'manja mwa woyendetsa. Mphira ya 1967 yokha musaibwezerepo, kaya ikuoneka bwino chotani. Pulesha ya mmenemo imafika cha m'ma 1,000 psi (muyeso wa pulesha) chiwongolero chikafika kumapeto, ndipo oyilo akafayira pa ekizozi yotentha amayaka.

Pomanga, yambani ndi zala mpaka nati izungulire kanayi kapena kasanu mosavuta, kenaka malizani ndi sipanala ya mapaipi a mabuleki, ija yotsegula pang'ono kukamwa. Sipanala wamba imadya ngodya za nati, ndipo nati yodyeka ngodya imaoneka patali.

FUNSO: Ndili ku Leeds. Ndinagula Ford Mustang ya 1966 itaphwasulidwa kale, mabawuti onse ali m'chitini chimodzi. Ndidziwa bwanji amene ankagwira mabulaketi a mapaipi a power steering, ndi amene anaikidwa ndi amakaniko pambuyo pake?

YANKHO: Khuthulirani chitinicho m'beseni la parafini, tsukani ndi mswachi wakale, muyale pansalu. Burashi ya waya isayandikire, chifukwa ichotsa umboni womwe mukuufuna.

Yambani kupatula alendo. Bawuti iliyonse yolembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu ndi ya mamilimita, ndipo pa Mustang ya 1966 siinachokere ku fakitale. Ya M8x1.25 imafanana kwambiri ndi ya 5/16-18, koma mutu wake umafuna sipanala 13 pomwe weniweniwo umafuna ya theka la inchi. Za ku America zimaonetsa kulimba kwake ndi timizere: wopanda mzere ndi giredi 2, mizere itatu ndi giredi 5, isanu ndi umodzi ndi giredi 8. Pakati pa timizereto pamakhala chizindikiro cha wopanga, monga RBW cha Russell, Burdsall & Ward. Ford inkagula kwa opanga angapo, kotero mabawuti awiri a pa bulaketi imodzi akasiyana zizindikiro musafulumire kutaya imodzi. Mabawuti ambiri a fakitale ali ndi washa yosachoka, yozungulira koma yosavuka, kapena mutu wokhala ndi chipewa chake. A m'hadiweya amabwera ndi washa yapadera.

Bulaketi nayo imalankhula. Pozungulira dzenje pamakhala bwalo lomwe washa inasindikiza pa penti kapena pachitsulo. Yezani bwalolo, mufune bawuti ya washa yofanana nalo. Ngati pali timano tokandika mozungulira, panali washa ya mano. Utali muuone pa bawuti yomweyo: mbali imene inabisika m'nati imakhala yoyera, yotulukira kunja ndiyo ya dzimbiri.

Mtundu wa kunja umaoneka kunsi kwa mutu, komwe mvula siinafike. Ford inkaulemba kumapeto kwa nambala ya bawuti m'buku lake la masipeya: S2 ndi phosphate yothira oyilo, yotuwa modera ngati makala, S7 ndi cadmium, S8 ndi zinki yoyera, S36 ndi zinki yachikasu. Mukapeza nambala ya bawuti m'bukumo, mwapezeratu ndi mtundu wake. Mapaipi enieniwo mupeze pa 3A719 ya pulesha ndi 3A713 yobwerera. Zilembo za kutsogolo zimanena zaka ndi galimoto: pa C5ZZ, C ndi zaka za m'ma 1960, 5 ndi 1965, Z yoyamba ndi Mustang. Onani kaye pampu yomwe muli nayo, chifukwa Mustang zoyambirira zinali ndi ya Eaton, kenaka Ford inayamba kuika yakeyake, ndipo mapaipi ake ndi osiyana.

Dzimbiri limachoka bwino ndi molasesi wa nzimbe: gawo limodzi ku magawo 9 a madzi, mabawuti akhalemo sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka tsukani, umitsani, pakani oyilo tsiku lomwelo. Chotsani girisi kaye, apo ayi sizigwira. Mabawuti a cadmium musawapere pa gulayinda kapena kuwaotcha, pakuti fumbi ndi utsi wake ndi poizoni. Mukatumiza a giredi 8 kokakutidwa zinki, auzeni awaike mu uvuni wa madigiri a Celsius pafupifupi 200 kwa maola angapo akangomaliza. Popanda zimenezo haidirojeni amatsalira m'chitsulo, ndipo bawuti imatha kuduka yokha patapita masiku.

Chenjezo limodzi lalikulu. Mustang za 1965 mpaka 1970 zili ndi mapaipi anayi, chifukwa mphamvu imachokera pa valavu ndi silinda zimene zili pansi, pa ndodo za chiwongolero. Timapaipi tiwiri tatifupi tochoka pa valavu kupita ku silinda tikasinthanitsidwa, chiwongolero chimadzizungulira chokha mwaukali injini ikangolira. Poliza koyamba mawilo akhale m'mwamba, ndipo dzanja lisapyole pakati pa chiwongolero.

FUNSO: Mercedes-Benz W123 yanga kuno ku Blantyre ikuchucha oyilo pa paipi yobwerera ku pampu. Ndasintha ma jubilee clip (makilampu omanga ndi sikuluwu) kawiri. Kodi poyamba pankakhala kilampu yotani?

YANKHO: Bambo, ngati paipi yakale mukadali nayo, yang'anani pomwe kilampu inaluma. Kilampu ya waya wa sipuling'i, monga ya Corbin, imasiya kamzere kopyapyala kozungulira. Ya khutu lofinya ndi pulayala, monga ya Oetiker, imasiya lamba wosalala ndi kotupa pamalo amodzi. Ya sikuluwu yokhala ndi lamba woboola imasiya timakwerero, mphira itatulukira m'mabowo. Ya lamba wosaboola imasiya njira yosalala yofanana m'lifupi monse. Pamakhala zidindo ziwiri kapena zitatu zosanjikizana. Chozama ndi chouma kwambiri, chapansi pa zonse, ndicho choyamba.

Galimoto za ku Germany za nthawi ya W123, 1976 mpaka 1985, zinkagwiritsa ntchito kwambiri makilampu a lamba wosaboola, wa mano ochita kudinda ndi m'mphepete mopindira kunja, a makampani ngati Norma ndi Gemi, dzina ndi kukula zitalembedwa pa lamba. Jubilee weniweni ndi wa ku Britain, wa kampani ya L. Robinson ya ku Gillingham kuyambira 1921, ndipo malo ake ndi pa Jaguar kapena Rover. Ambiri amene timawatchula dzinali m'mashopu ndi ongotengera, a lamba wakuthwa amene amacheka mphira.

Kuchuchako kawirikawiri kumachokera pa zinthu ziwiri. China ndi kilampu yaikulu mopitirira: pa paipi yaing'ono imakhala ngati dzira m'malo mozungulira, ndipo oyilo amadutsa pansi pa sikuluwu. Yezani kunja kwa paipi itavekedwa kale, musankhe kilampu imene muyesowo uli pakatikati pa manambala ake, ndipo ikhale kuseri kwa kotupa ka chitsulo, osati pamwamba pake. China ndi paipi yolakwika. Ya petulo imafewa kapena kuuma ndi oyilo wotentha. Funani ya SAE J189 kapena ina yolembedwa kuti ndi ya power steering, ya mkati mofanana ndi kachitsulo kanu.

FUNSO: Pa Toyota Cressida yathu ku Chipata, bawuti yoboola pakati ya paipi ya pulesha ikudontha titabwezera mawasha akale. Komanso mabulaketi ena akufuna sipanala 12, ena 13.

YANKHO: Mabawuti a sipanala 13 ndi obwera. Pa muyeso wa ku Japan wa JIS, bawuti ya M8 ili ndi mutu wa 12, ya M10 wa 14 ndi mazinga a 1.25, za ku Ulaya zili ndi 13 ndi 17. Zenizeni za Toyota zambiri zimakhala ndi nambala imodzi pamutu, monga 4 kapena 7. M'buku la masipeya mawasha otsekera oyilo amayamba ndi 90430, ndipo timakilampu tambiri ta mapaipi ndi 90467.

Bawuti yoboolayo, ya banjo, imafuna mawasha awiri, ina pansi pa mutu, ina pakati pa diso la paipi ndi pampu. Mawasha a kopa akafinyidwa kamodzi amauma, n'chifukwa chake akale akudontha. Ikani atsopano. Akasowa, otchani akalewo mpaka afiire, muwaziziritse, muwasalaze pa sandipepa yosalala yoyalidwa pagalasi. Izi ndi za kopa yekha. A aluminiyamu tayani. Bawutiyo musaimange ngati ya wilo, chifukwa ndi yamphako ndipo imadukira pa bowo la m'mbali.

Mukatha, kwezani mawilo akutsogolo, dzazani oyilo wolembedwa pa chivindikiro, zungulizani chiwongolero uku ndi uku maulendo 20 injini ili chete, mukuwonjezera oyilo akatsika. Kenaka lizani injini, ndipo musachigwirire kumapeto kupitirira masekondi asanu. Oyilo akachita thovu zimitsani, mudikire theka la ola, muyambirenso.