Kwa achemwali amene akufuna kubwerera ku mabuku

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri chifukwa landikhudza kwambiri. Mwati muli ku sekondale munkamaliza novel pa masiku awiri koma pano mukatsegula buku tsamba limodzi basi maso alemera, dzanja lathamangira ku foni, ndipo chomwe chimakugwirani mtima masiku ano ndi ma series a ofufuza milandu omwe mumaonera mpaka pakati pa usiku. Nde mukufunsa ngati chikondi cha mabuku chimabwereranso. Chimabwerera, ine ndi mboni, ndipo kwa ine chinalowera pa khomo lomwelo la ma series omwe anzathu ena mu ma comment akuti muwasiye kaye.

Ine ndili kuno ku Kasungu, ndimagulitsa mbewu ndi feteleza pa kashopu kanga pa boma. Ndili Fomu 2 tinkapatsirana ma Pacesetters ndi ma James Hadley Chase, buku limodzi kuzungulira hostel yonse mpaka chikuto kuchoka, tinkachita kulembetsa mayina pa kapepala kuti uyu akamaliza lipite kwa uje, ndipo magetsi akazimitsidwa tinkapitiriza ndi tochi m'bulangete. Kenako banja, ana, geni, foni. Zaka 15 zinadutsa zomwe ndinkawerenga ndi Baibulo ndi kope la ngongole la pa shopu basi.

Chinanditembenuza ndi mdima wa 2022. Mukukumbuka Cyclone Ana itaononga Kapichira mu January chaka chimenecho magetsi ankazima maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Usiku wina ndikuonera series yomwe ana anakabenetsa pa fulashi, wapolisi wamkazi wangofika kumene pa nyumba ya munthu yemwe akumukayikira, wagwira chitseko, magetsi phethi. Foni nayo moto unali utatha. Ndinakhala pa mpando mtima uli m'mwamba, tulo osabwera, ndipo m'kabati munali buku lina lachingerezi lopanda chikuto lomwe alamu anga aphunzitsi anaiwala atabwera ku holide. Ndinayatsa kanyali ka sola ndikulitsegula. Masamba oyamba anandivuta zedi, ndinkabwereza ndime imodzi katatu maganizo ali ku mitengo ya feteleza, koma nditafika cha pa tsamba 30 mlembi anandionetsa chinthu chomwe mayi wa m'nkhanimo samachidziwa, kuti munthu amene akumuthandiza kufunafuna mwamuna wake wosowa ndi yemweyo akudziwa komwe ali. Achemwali, ndinatseka buku lija atambala akulira.

Apa mpamene ndinazindikira kuti njala yomwe imakupangitsani kunena kuti episodi imodzi yokha ndigone, ndi yomweyo inkakupangitsani kubisa novel m'kati mwa buku la Biology. Siinafe ayi, yangosamukira pa sikirini. Ndipo ndi yakale kuposa TV ndi mabuku omwe. Agogo anga ku Chamama akati padangotero ife tili tonse, ankafika pomwe fisi waima pakhomo mwana ali yekha m'nyumba, pomwepo amasiya, kutulutsa kabotolo ka fodya, kununkhiza mosafulumira, kusonkha moto, ife tikuchita kuwagwira chitenje kuti agogo pitirizani. Ankadziwa bwino zomwe akuchita. Olemba mabuku amenewa amachita zomwezo akamadula mutu pomwe mfuti yangolozedwa kumene.

Nde langizo langa, musayambe ndi mabuku olemera. Ndaona ena akukutchulirani mabuku a momwe mungalemerere ndi a utsogoleri, ndi abwino kwa owakonda, koma munthu amene wadwala nthawi yaitali sumuyambitsa ndi kondowole, umayamba ndi phala lomwe iye akulilakalaka. Inu mtima wanu uli pa nkhani za milandu, yambirani pomwepo ndipo musachite nazo manyazi ngati si kuwerenga kwenikweni.

Dziwaninso kuti nkhani zimenezi zili mitundu iwiri ndipo anthu amagwa ulesi chifukwa atenga mtundu womwe si wawo. Pali zomwe munthu wafa kale pa chiyambi ndipo funso ndi lakuti wamupha ndani, mumayenda limodzi ndi wofufuza kutola zizindikiro, aliyense akuoneka wokayikitsa, mlembi akukusocheretsani dala mpaka kumapeto. Agatha Christie analemba ma novel 66 a mtundu umenewu, ndi aafupi ndipo Chingerezi chake sichozunguza kwambiri. Pali zina zomwe chigawenga mukuchidziwa kale, funso ndi lakuti kodi uyu apulumuka, kodi afika nthawi yake isanathe. Zoyambazo zimagwira mutu, zachiwirizi zimagwira m'mimba. Taganizirani ma series omwe mumakonda ali mbali iti, buku lanu loyamba likhale la mbali imeneyo.

Foni ikhale chipinda china, osati pambali panu mutaitembenuza, ayi, chipinda china. Ine ndimaisiya pa tchaji ku sitting room. Lipatseni buku masamba 40, likapanda kukugwirani lisiyeni mutenge lina, palibe mayeso pano. Mawu achingerezi ovuta musamaime kuti mufufuze lililonse, nkhani yokha imakuuzani tanthauzo mukamapita. Ndipo ulendo wa pa minibasi kupita ku Lilongwe kokaoda katundu, maola awiri aja, ine ndi pomwe ndimamaliza mitu ingapo ngati ndapeza mpando wa pa windo.

TV sindinaisiye ndipo sindikuuzani kuti muisiye. Pali zomwe kanema amachita bwino, nkhope ya munthu akunama, nyimbo ija imayamba pansipansi munthu akutsika masitepe mu mdima, zimenezo pa pepala simungazipeze chimodzimodzi. Koma buku limakulowetsani m'mutu mwa munthu, mumamva mmene akuwerengera mabodza omwe wanena kale kuti asadzitsutse, mumanjenjemera naye limodzi ngakhale mukudziwa kuti ndi wolakwa. Chinanso series imakuthamangitsani, episodi ikatha ina yayamba kale musanapume, pamene buku mumatha kulitseka chala chili pakati pa masamba ndikuganiza kaye kuti koma dalaivala uja ananena kuti anali kuti Lachitatu. Chomwe ndinasintha ndi chakuti ndimaonera zokhala ndi ma subtitle m'malo mwa zomasuliridwa m'Chichewa zija. Zomasulirazo ana amazikonda ndipo zathandiza anthu ambiri kumva mafilimu, koma womasulira nthawi zina amatsogola nkukuuzani kuti ameneyu safika patali, nkhani yonse yaphwa. Ma subtitle anandibwezeranso liwiro lowerenga osazindikira.

Kopeza mabuku, kaunjika wa mabuku amene amayala m'mbali mwa msewu m'tauni ya Lilongwe ndi komwe ndimagula ambiri, muzingoonetsetsa kuti masamba omaliza alipo musanapereke ndalama, ine linandipweteka lina lomwe linathera pomwe woweruza akuti apereke chigamulo. Afunseninso aphunzitsi a Chingerezi omwe muli nawo pafupi, ambiri ali ndi makatoni a ma novel kunyumba akungodyedwa ndi chiswe. Malaibulale a National Library Service ndi a m'masukulu musawaderere. William Kamkwamba wa konkuno ku Wimbe atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002, ndi mu kalaibulale kakang'ono ka pa pulayimale momwe anapeza buku lomwe linamuonetsa makina a mphepo opanga magetsi, nkupanga ake ali ndi zaka 14. Filimu ya nkhani yake itatuluka mu 2019 tinaonera nyumba yonse, tonse tikudziwa kale mathero ake poti ndi nkhani ya kwathu, komabe pomwe ankayesa makina aja anthu atamuzungulira mtima wanga unkagunda ngati sindikudziwa kanthu. Pamenepo ndinaphunzira kuti chomwe chimatigwira si kusadziwa mathero kokha, ndi kumukonda munthu wa m'nkhaniyo mpaka kumuopera.

Chomwe chimandiwawa ine ndi kuchepa kwa nkhani zoterezi m'Chichewa. Tinakula ndi mabuku a a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba ndipo ankatigwira mtima, koma ndikalowa mogulitsa mabuku lero ndimapeza ambiri ndi a silabasi. Chonsecho nkhani zili ponseponse. Tangoganizani mabelo a fodya asowa usiku pa ulendo wopita ku okushoni ya Chinkhoma, mlimi watenga kale ngongole, mlonda akuti sanaone kanthu, kalaliki walemba manambala awiri osiyana, mkazi wa mlimiyo ndi amene wayamba kufufuza yekha poti palibe akumumvera. Kapena galimoto yomwe imadutsa pa boda ya Mchinji Lachisanu lililonse koma palibe akudziwa mwini wake. Ine buku lotero ndingagule ngakhale geni itavuta mwezi umenewo, ndipo mayi anga omwe Chingerezi sawerenga ndingamawawerengere madzulo. Ngati mu gulu muno muli olemba, chonde tilembereni.

Pano tilipo azimayi 5 amene timasinthana mabuku, wina namwino, awiri aphunzitsi, wina amasoka pafupi ndi shopu yanga. Lamulo lathu ndi limodzi, osaulula mathero kwa amene sanamalize, ndipo wobwereka abweze pasanathe masabata awiri. Ngati muli cha kufupi ndi boma ndilembereni ku inbox mundiuze series yomwe yakugwirani posachedwapa, ndikusankhirani buku lofanana nayo pa omwe ndili nawo. Lomwe ndili nalo m'manja panoli ndikupatsani sabata ya mawa, kwatsala mitu itatu ndipo ndikukayikira mlongo wake wa malemuyo.